Kudya Mochepa ndi Moyo Wautali: Zoona Zake ndi Ziti?

Munthu aliyense amene ali ndi foni m'tauni muno adalandirapo uthenga wotsatsa ufa, tiyi kapena makapisozi amene akuti amachedwetsa ukalamba. Ena mwa ogulitsawa amalonjeza zokopa kwambiri. Amati munthu akamwa mankhwala awo, thupi lake limapindula ngati wasala zakudya, chonsecho iye akudya monga mwa masiku onse. Ndalama zimene zikadagula ndiwo za banja zimathera pa mabotolo amenewa, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti ena odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi amafika posiya mankhwala a kuchipatala. Phunziro la sabata ino likufotokoza kumene maganizo amenewa adachokera, zimene akatswiri adapezadi, ndi zimene banja lingachite popanda kutaya ndalama.

Zidayamba ndi makoswe

M'chaka cha 1935, Clive McCay ndi anzake a pa yunivesite ya Cornell ku America adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adadabwitsa anthu ambiri. Iwo adagawa makoswe m'magulu. Ena ankadya mmene akufunira, pamene ena ankapatsidwa chakudya chochepa koma chokhala ndi mavitamini, michere ndi zomanga thupi zokwanira. Makoswe odya mochepawo adakula mochedwa ndipo matupi awo adali ang'onoang'ono, koma adakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa anzawo aja. M'zaka zotsatira akatswiri ena adapeza zofananazo pa yisiti, tinyongolotsi, tintchentche ta zipatso ndi mbewa. Komabe si mbewa zonse zimene zidapindula. Pa mitundu ina, kuchepetsa chakudya kudafupikitsa moyo.

Popeza munthu si khoswe, akatswiri adafuna kuyesa pa nyama yofanana kwambiri ndi munthu. Magulu awiri a ku America adasankha apusi a mtundu wa rhesus. Bungwe la boma lofufuza za ukalamba la National Institute on Aging lidayamba mu 1987, ndipo yunivesite ya Wisconsin idayamba mu 1989. Onse adachepetsa chakudya cha apusi ena ndi 30 peresenti, n'kudikira zaka zoposa makumi awiri. Mu 2009 a ku Wisconsin adalengeza kuti apusi odya mochepa sankadwala kawirikawiri shuga, khansa ndi matenda a mtima, ndipo ochepa okha ndiwo adafa ndi matenda a ukalamba. Mu 2012 gulu linalo lidalengeza kuti apusi ake odya mochepa adali athanzi ndithu, koma sadakhale ndi moyo wautali kuposa anzawo.

Kusiyana kumeneku kuli ndi phunziro lalikulu. Chakudya cha apusi a ku Wisconsin chidali chokonzedwa m'fakitale, chokhala ndi shuga pafupifupi 28 peresenti, ndipo apusi osachepetsedwa chakudya ankadya mopanda malire. Ku gulu linalo chakudya chidali cha tirigu, chimanga, soya ndi nsomba, shuga wake adali pafupifupi 4 peresenti, ndipo apusi onse ankapatsidwa moyeza. Apa zidaoneka kuti phindu lalikulu limabwera pamene nyama yasiya kudya mopitirira muyeso chakudya chotsekemera. Kwa imene ikudya kale chakudya chabwino pa mlingo woyenera, kuchepetsanso kumawonjezera zochepa.

Nanga pa anthu?

Kafukufuku wamkulu wa nkhaniyi pa anthu amatchedwa CALERIE, ndipo adachitikira ku America. Anthu 218 athanzi, osanenepa kwambiri, adatsatidwa kwa zaka ziwiri. Ambiri mwa iwo adapemphedwa kuchepetsa chakudya ndi 25 peresenti, koma ngakhale ankathandizidwa ndi akatswiri a zakudya, adakwanitsa pafupifupi 12 peresenti yokha. Ngakhale zidali choncho, matupi awo adatsika ndi pafupifupi 10 peresenti, kuthamanga kwa magazi kudatsika, mafuta oipa a m'magazi adachepa, ndipo matupi awo adayamba kugwiritsa bwino ntchito shuga. Panalinso mbali yodetsa nkhawa, chifukwa mafupa awo adapepukako. Zaka ziwiri n'zochepa kuti zisonyeze ngati munthu adzakhala ndi moyo wautali, choncho chimene kafukufukuyu adasonyeza ndi thanzi labwino basi.

Kuchepetsa chakudya kumene akatswiriwa amanena n'kosiyana kotheratu ndi njala. M'zaka za 1944 ndi 1945, Ancel Keys wa pa yunivesite ya Minnesota adatenga anyamata 36 odzipereka n'kuwadula chakudya ndi theka kwa masabata 24. Adaonda mpaka kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lawo, adafooka, ankamva kuzizira nthawi zonse, adagwidwa ndi chisoni chachikulu, ndipo maganizo awo onse adali pa chakudya. Amene adaona njala ya 1949 kapena ya 2002 safunika kufotokozeredwa zimenezi. Njala imapha, imapinimbiritsa ana, ndipo siidatalikitsepo moyo wa munthu.

Chimachitika n'chiyani m'thupi?

Thupi la munthu lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo lililonse lili ngati mmisiri womanga nyumba. Njerwa zatsopano zikamabwera tsiku ndi tsiku, mmisiri amangomanga, ndipo zidutswa zosweka zimaunjikana pabwalo. Njerwa zikachedwa kubwera, amatembenukira ku mulu wa zidutswa uja, n'kusankha zimene zingagwirenso ntchito, ndipo pabwalo pamayera. Maselo amachitanso chimodzimodzi. Chakudya chikachuluka, puloteni ina yotchedwa mTOR imalamula selo kuti likule ndi kumanga. Chakudya chikachepa, mTOR imafatsa, ina yotchedwa AMPK imadzuka, ndipo selo limayamba kuphwanya ziwalo zake zakutha n'kuzigwiritsanso ntchito. Kudziyeretsa kumeneku kumatchedwa autophagy, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kudzidya. Yoshinori Ohsumi wa ku Japan adalandira mphotho ya Nobel mu 2016 chifukwa chofotokoza mmene ntchitoyi imayendera, ndipo kafukufuku wake adachitira pa yisiti.

Apa ndi pamene padabadwira funso limene amalonda akudyerapo lero. Popeza kudya mochepa kwa moyo wonse n'kovuta, kodi sipangapezeke chakudya kapena mankhwala opusitsa maselo kuti aziona ngati kuli njala? Akatswiri a ku National Institute on Aging adayamba kuyesa zimenezi mu 1998 ndi shuga wina wopangidwa amene thupi silitha kumugwiritsa ntchito. Poyamba zidaoneka zolimbikitsa, koma pambuyo pake zidadziwika kuti shugayo amawononga mtima wa makoswe. Chiyambi chimenechi chidali kale chenjezo.

Resveratrol: mphesa, vinyo ndi mtedza

Chotchuka kwambiri mwa zinthu zimenezi ndi resveratrol, amene amapezeka m'khungu la mphesa, mu vinyo wofiira ndi mu mtedza. Mu 2003 gulu la David Sinclair wa pa yunivesite ya Harvard lidalengeza kuti resveratrol amatalikitsa moyo wa yisiti, ndipo mu 2006 lidapeza kuti amathandiza mbewa zodyetsedwa mafuta ambiri. Chiyembekezo chidakula kwambiri moti mu 2008 kampani ya mankhwala ya GlaxoSmithKline idagula kampani yofufuza zimenezi ya Sirtris pa mtengo wa madola 720 miliyoni. Mankhwala otalikitsa moyo sadatulukemo. Atayesedwa pa mbewa zodya chakudya wamba, resveratrol sadatalikitse moyo wawo. Mu 2014 padatuluka zotsatira za kafukufuku wa okalamba 783 a m'dera la Chianti ku Italy, kumene anthu amamwa vinyo wofiira, amene adatsatidwa kwa zaka zisanu ndi zinayi. Amene adali ndi resveratrol wambiri m'thupi sadasiyane ndi anzawo pa imfa, khansa kapena matenda a mtima.

Amene amadzitonthoza kuti akumwa vinyo pofuna kusamala mtima adziwe kuti mlingo umene mbewa zija zinkapatsidwa ungafune kuti munthu amwe matambula mazanamazana tsiku lililonse. Komanso mowa uli m'gulu la zinthu zimene zidatsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Mtedza ndi nsinjiro ndi chakudya chabwino pa zifukwa zina, monga mafuta ake ndi zomanga thupi, bola ukhale wouma bwino. Mtedza wachuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi.

Spermidine: soya, bowa ndi mbewu zosakonola

Chachiwiri ndi spermidine, amene thupi limapanga lokha ndipo amapezekanso m'zakudya monga kamtima ka njere ya tirigu, soya, bowa, nsawawa ndi zakudya za m'gulu la nyemba. Mu 2016 kafukufuku adasonyeza kuti mbewa zomwetsedwa spermidine zidakhala ndi mitima yolimba ndi moyo wautaliko. Mu 2018 akatswiri amene adatsatira anthu 829 a m'tauni ya Bruneck kumpoto kwa Italy adapeza kuti odya zakudya za spermidine wambiri ankafa mochedwerapo. Koma munthu wodya nyemba, bowa ndi mbewu zosakonola amapindula m'njira zambiri, choncho n'kovuta kunena kuti chidawathandiza ndi spermidine yekha. Pamene okalamba 100 a ku Berlin adayesedwa kwa chaka chathunthu, ena akumwa makapisozi a spermidine ndipo ena akumwa opanda kanthu, zotsatira za mu 2022 zidasonyeza kuti makapisoziwo sadathandize kukumbukira zinthu. Nzeru yake ndi yakuti munthu adye chakudya chenichenicho, popeza ubwino wake ngodziwika kale, m'malo mogula ufa wotengedwa m'chakudyacho pa mtengo wokwera.

Mankhwala a kuchipatala

Pali mankhwala awiri amene amatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi. Rapamycin adachokera ku tizilombo ta m'dothi la pa chilumba cha Rapa Nui, chimene chimatchedwanso Easter Island. Mu 2009 zidadziwika kuti amatalikitsa moyo wa mbewa ngakhale zitayamba kumwa zitakalamba kale. Koma ntchito yake kuchipatala ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi mwa anthu amene aikidwa impso ya munthu wina, ndipo wowamwa mwachisawawa amadzitsegulira khomo la matenda. Metformin ndi mankhwala a shuga amene odwala ambiri amawadziwa. Kwa wodwala shuga ndi othandiza kwambiri, koma palibe kafukufuku amene watsimikiza kuti amatalikitsa moyo wa munthu wopanda shuga. Awiri onsewa ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala, si zakudya.

Kudya kotsanzira kusala

Njira ina idakonzedwa ndi Valter Longo wa pa yunivesite ya Southern California. Munthu amadya mochepa kwa masiku asanu pa mwezi, pafupifupi makalori 1,100 tsiku loyamba ndi 700 mpaka 800 masiku otsalawo, pamene munthu wamkulu amafuna makalori 2,000 kapena kuposerapo. Chakudya chake ndi supu wa masamba, mtedza ndi mafuta a zomera, ndipo masiku ena onse munthu amadya monga mwa nthawi zonse. Mu 2017 kafukufuku wa anthu 100 adasonyeza kuti atachita zimenezi miyezi itatu, thupi, mafuta a m'thupi ndi kuthamanga kwa magazi zidatsika. Chakudyachi chimagulitsidwa m'mabokosi ndi kampani imene Longo adayambitsa. Zotsatirazi n'zolimbikitsa, koma anthu adali ochepa, nthawi idali yaifupi, ndipo za kutalika kwa moyo sizidayesedwe.

Phunziro la ku Okinawa

Zilumba za Okinawa ku Japan zidatchuka chifukwa cha okalamba ambiri athanzi. Chakudya chachikulu cha makolo a kumeneko chidali mbatata, pamodzi ndi masamba, soya, nsomba pang'ono ndi nyama ya apo ndi apo. Adalinso ndi mwambo wotchedwa hara hachi bu, wosiya kudya mimba isadadzaze, pamene munthu wakhuta magawo asanu ndi atatu mwa khumi. Akatswiri ena amakayikira zaka za okalamba ena a kumeneko, popeza zikalata zambiri zidapsa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Koma zimene zidachitika pambuyo pake n'zosakayikitsa. Mibadwo yotsatira itayamba kudya nyama za m'zitini ndi zakudya zokazinga za m'malesitilanti, kunenepa kudafala, ndipo pofika 2000 amuna a ku Okinawa, amene kale adali patsogolo pa kutalika kwa moyo, adatsika kufika pa nambala 26 mwa zigawo 47 za Japan. Mbiri imeneyi ikufanana ndi ya mabanja ambiri amene adachoka kumudzi kubwera m'tauni, n'kusiya mbatata, mgaiwa ndi chisoso chifukwa choziona ngati zakudya za anthu osauka.

Mbale ya pakhomo

Mpaka lero palibe ufa, tiyi kapena kapisozi amene watsimikizika kuti amatalikitsa moyo wa munthu potsanzira njala. Pa mabotolo okongola aja akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zimene zidatsimikizika kuti zimachepetsa shuga, kuthamanga kwa magazi, sitiroko ndi matenda a mtima zimapezeka pa msika uliwonse.

Choyamba ndi kukula kwa mtanda. Munthu wogwira ntchito atakhala pansi tsiku lonse safunika nsima yofanana ndi ya mlimi kapena wa kabaza. Mitanda ingachepe, ndiwo zamasamba n'kuchuluka. Kudya modekha kumathandiza, popeza kukhuta kumamveka mochedwa.

Chachiwiri ndi mtundu wa ufa. Pokonola chimanga, gaga ndi mtima wa njere zimachoka, ndipo m'menemo ndi mmene muli zambiri zothandiza m'mimba. Mgaiwa, mapira, mawere ndi mbatata yowiritsa n'zabwino kuposa ufa woyera, buledi woyera ndi mandasi.

Chachitatu ndi ndiwo. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya ndi bowa wodziwika bwino ziyenera kuoneka pa mbale kawirikawiri, pamodzi ndi usipa kapena matemba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse. Bonongwe, nkhwani, kholowa, mpiru, therere, magwafa, mapapaya ndi mango zimakwaniritsa mlingo umenewu. Nyama zokonzedwa m'fakitale monga masoseji zikhale za kamodzikamodzi.

Chachinayi ndi shuga ndi mchere. WHO imalangiza kuti shuga wothira asapitirire pafupifupi masipuni ang'onoang'ono 12 pa tsiku, ndipo 6 ndiye abwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa cha kola la mamililita 330 limakhala ndi magalamu pafupifupi 35, amene ndi masipuni oposa 8. Mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli kale mu buledi ndi zokometsera ndiwo.

Zonsezi sizichotsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa. Chimene chimachepa ndi kuchuluka kwa zokhutitsa, mafuta okazingira ndi shuga. Kusinthaku kuchitike pang'onopang'ono kuti banja lizolowere, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Amene sayenera kuchepetsa chakudya

Ana ndi achinyamata amene akukula, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala chifuwa chachikulu, amene ali pa ma ARV ndipo thupi lawo latsika, ndi onse amene akuchira matenda amafunika chakudya chokwanira, nthawi zina choonjezera. Okalamba amataya minofu mosavuta, choncho amafunika zomanga thupi monga nyemba, mazira, nsomba ndi mkaka. Wodwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide akhoza kukomoka ngati atadumpha chakudya, chifukwa shuga amatsika kwambiri. Ameneyu asasinthe kadyedwe asadakambirane ndi a chipatala, ndipo pasapezeke wosiya mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi chifukwa cha botolo logula pa foni. Makolo akhalenso tcheru ndi mwana amene wayamba kudzimana chakudya poopa kunenepa, popeza amenewo ndi matenda ofunika chithandizo.

Kusala kwa Mpingo

Mkhristu angafunse ngati kusala kwa nyengo ya Lenti ndi chimodzimodzi ndi zimene zafotokozedwazi. Cholinga chake n'chosiyana. Mpingo umasala pofuna kulapa, kupemphera ndi kugawana ndi osowa, osati pofuna kuonjezera zaka. Lamulo lake ndi lofatsa. Pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, akhristu a zaka 18 mpaka 59 amadya chakudya chokwanira kamodzi, ndi tizakudya tina tiwiri tochepa. Kusala nyama kumayambira pa zaka 14, ndipo odwala sakakamizidwa kusala. Zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, Benedict Woyera adaikira amonke ake muyeso wa chakudya cha tsiku ndi tsiku n'kuwachenjeza za kudya mopitirira, koma adalamulanso kuti okalamba, ana ndi odwala aziganiziridwa mwapadera. Pa mfundo ziwiri zimenezi, muyeso kwa athanzi ndi chifundo kwa ofooka, mwambo wa Mpingo ndi kafukufuku wa akatswiri zikugwirizana. Mu parishi imodzimodziyo muli mabanja odwala chifukwa cha kudya kwambiri ndi mabanja ogona ndi njala, ndipo chimene chachepetsedwa pa mbale ya ena chingathe kufika pa mbale ya anzawo.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi kuchepetsa chakudya kumene akatswiri amanena kukusiyana bwanji ndi njala?

2. Ndi zakudya ziti za makolo zimene mabanja a m'tauni adazisiya, ndipo chingachitike n'chiyani kuti zibwerere pa mbale?

3. Kodi mphakati ungamuthandize bwanji mkhristu amene wasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mankhwala otsatsidwa pa foni?

4. Pa zikondwerero za ubatizo, ukwati ndi misonkhano ya mabungwe, ndi zakudya ndi zakumwa ziti zimene zingasinthidwe kuti odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi adye nawo mosaopa?

5. Ndani m'dera la mphakati amene akusowa chakudya chokwanira, ndipo adzamuyendera ndani sabata ino?